Ndasankhidwa kukaphunzira semesita imodzi ku Milan, amene munakhalako ndithandizeni

Tadala: Moni nonse. Ndili chaka chachitatu, za engineering, ndipo dzina langa latuluka pa anthu amene tikupita ku Milan pa pulogalamu ija ya Erasmus+ yosinthana ophunzira, kuyambira September mpaka February. Kusukulu angondipatsa kalata ndi mndandanda wa mapepala basi, za moyo wa kumeneko palibe akundiuza zomveka, wina akuti ndalama amaperekazo ndi zambiri ndibwerako ndi galimoto, wina akuti sizikwana ndi lendi yomwe. Amene munakhalako kapena muli konko chonde ndiuzeni zenizeni, ndiyambire pati?

Chiko: Mafuno abwino sisi, wagwira ntchito. Ine ndinali ku Politecnico, yunivesite ya za engineering ya ku Milano, kampasi ya Bovisa. Yambira pa nyumba, lero lomwe, usadikire kuti visa ituluke kaye. Pa nkhani ya lendi Milano ndi wodula kuposa mizinda ina yonse ya ku Italy. Chipinda chako wekha m'nyumba yogawana ndi anzako, khitchini imodzi bafa limodzi, chimayambira cha m'ma 600 euro pamwezi kupita m'mwamba, ukalolera kugawana chipinda ndi munthu wina bedi lako apa lake apo nde cha m'ma 400. Erasmus kwa ife ochokera kunja kwa Europe imapereka 850 kapena 900 pamwezi kutengera chaka chimene pulojekiti ya sukulu yanu inavomerezedwa, nde werengera wekha kuti pakutsala zingati zodyera. Za galimoto zo iwala. Ndipo usaganize kuti ndi ife alendo okha timalira, mu May 2023 ana a sukulu eni dziko anamanga matenti pa Piazza Leonardo da Vinci kutsogolo kwa Politecnico nkumagona panja kudandaula lendi yomweyi, mpaka zinafalikira ku Roma ndi mizinda ina. Nde ngati yunivesite yakutumizira linki ya ma hositelo awo, lemba tsiku lomwe atsegule, malo amatha msanga kwambiri.

Tadala: Eeh 600 chipinda chokha?? Linkiyo anatumiza koma ndinkati ndiona ndikapeza visa. Ndikulemba usiku uno.

Mphatso: Chiko wanena zoona. Ine ndinali ku Torino ndipo kumeneko lendi inali yopepukako, Milan ndinkangopita kukacheza kwa mnzanga, koma za mbava za pa intaneti nzofanana konse. Pa magulu a Facebook a nyumba pamakhala anthu oika zithunzi zokongola, mtengo wotsika, ukawalembera amati ndili kunja kwa dziko tumiza depoziti ndikutumizira makiyi. Mnzanga wa ku Ghana anatumiza ndalama za miyezi iwiri chonchi, kufika pa adiresiyo nyumba ilipo koma mukukhala banja lina losadziwa kanthu. Usatumize kakobiri kwa munthu amene sanakuonetse nyumba pa vidiyo kolo, iye ali momo, akutsegula zitseko iwe ukuona. Komanso ufunse ngati kontrakiti akailembetsa ku Agenzia delle Entrate, imeneyi ndi ofesi ya misonkho. Alipo ena amakuuza kuti ndikuchotsera 50 euro tikapanda kulemba, kana, chifukwa pepala limenelo ndi umboni wa kumene ukukhala ndipo ulifuna pa nkhani ya permit yokhalira m'dziko. Funsanso ngati mtengo akunenawo muli kale ma bilu a gasi, magetsi ndi za kondominiyo (ndalama zosamalira mdadada wonse wa nyumba), nthawi yozizira gasi yekha amatha kukudabwitsa.

Yamikani: Ine ndili ku Lusaka, ndiyankheko za visa. Ofesi ya kazembe wa Italy ya kuno ndi imene imaonanso za Malawi, so konzekera ulendo, basi ya ku Lilongwe kudzera pa Mchinji, Mwami, Chipata, ndi tsiku lathunthu pamsewu. Popeza ukukhala kupitirira masiku 90 yako ndi visa ya mtundu wa D ya maphunziro, si ija ya alendo ongocheza. Tenga kalata yokuitana ya yunivesite ya ku Milan, kalata yonena za ndalama za Erasmus, umboni wa kokagona, inshuwalansi ya chipatala, zithunzi, ndi pasipoti yoti masiku ake akadali ambiri. Buka tsiku lokaonekera msanga chifukwa July ndi August ophunzira onse amathamangira nthawi imodzi. Ndipo ukakhala konko funsa ngati angakupangire codice fiscale, ndi nambala ya msonkho, yaulere, koma popanda iyo kontrakiti ya nyumba, akaunti ya ku banki, ngakhale laini ya foni zimavuta. Akakana usadandaule ukaipeza ku Milan ku ofesi imene watchula Mphatso ija.

Tadala: Zikomo achimwene. Nde umboni wa kokagona akuufuna ndisanapeze visa, pomwe eni nyumba akufuna depoziti ndisanadziwe ngati visa ituluka?

Chiko: Eya ndi pamene pamathina pamenepo. Nchifukwa chake hositelo ya sukulu ili bwino, amakupatsa kalata yoti malo ako alipo. Ikakanika ena amabuka malo ogona a masabata awiri atatu oyambirira oti utha kukansela osataya ndalama, nkumakasaka chipinda ali konko ndi maso awo. Koma funsa kaye a ku Lusaka ngati angalandire zimenezo.

Anti Nabanda: Mwana wanga Tadala, wachita bwino kufunsa, safunsa anadya phula. Ine ndakhala zaka zambiri kuno kufupi ndi Bergamo, ndi ola limodzi pa sitima kuchoka ku Milano, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Mvera ichi bwinobwino. Visa imangokulowetsa m'dziko, koma ukafika uli ndi masiku 8 ogwira ntchito oti upemphe permesso di soggiorno, chilolezo chokhalira. Umapita ku positi ofesi imene ili ndi windo lolembedwa Sportello Amico, upemphe envelopu ya mzere wachikasu, ndi yaulere. Mkatimo muli mafomu, udzaze ndi cholembera chakuda zilembo zikuluzikulu, uikemo fotokope ya pasipoti, kalata ya sukulu ija yodindidwa ndi a kazembe, inshuwalansi ndi umboni wa ndalama. Ku shopu ya fodya, ili ndi chikwangwani cha T wamkulu, ugule sitampa ya 16 euro imene amati marca da bollo. Pa positi ulipira 70.46 euro ya khadi ya chilolezocho, ndi 30 yotumizira, zonse pamodzi sunga 120 euro pambali isakhudzidwe. Envelopu usamate, amayamba aiona iwo. Akupatsa lisiti ndi pepala la tsiku lokadinda zala ku Questura, ku polisi ya za alendo. Lisiti imeneyo mwana wanga uisamale ngati pasipoti, uijambule pa foni, upange fotokope, chifukwa mpaka khadi itatuluka ndi iyoyo imene ikusonyeza kuti uli m'dziko mwalamulo, ndipo kwa ophunzira a semesita imodzi si zachilendo kuti khadi ituluke nthawi yobwerera itayandikira.

Tadala: Zikomo kwambiri anti, ndakopera zonse mu notibuku. Nanga inshuwalansi ndigule iti? Ndinamva kuti utha kulembetsa ku chipatala cha boma.

Anti Nabanda: Utha, koma kwa iwe sindikuona phindu. Kale ophunzira ankalipira cha m'ma 150 euro pachaka kuti alowe mu SSN, chipatala cha boma, koma kuyambira 2024 anakweza kufika 700. Ndipo chaka chake amawerenga January mpaka December, osati kuyambira tsiku walipira, ndiye iwe wofika September nkuchoka February ungalipire kawiri. Gula ya makampani yokwana miyezi yonse ukhale, uonetsetse kuti ikulipira ukagonekedwa. Zikavuta mwadzidzidzi nambala ndi 112, ndipo ku pronto soccorso, kumene amalandira matenda adzidzidzi ku chipatala, sabweza munthu.

A Phiri: Ndilowererepo monga mphunzitsi amene ndasainirapo ana angapo mapepala oterewa. Tadala, zonse akukuuza anzakowa nzofunika, koma chimene chimapweteka ana athu ambiri akabwerako ndi Learning Agreement. Ndi pepala limene iwe, dipatimenti yako kuno, ndi yunivesite ya uko mumagwirizana kuti makosi awa ukatenge ndipo alowa m'malo mwa awa a kuno. Semesita imodzi ku Europe ndi ma credit 30, ku Italy amawatcha CFU, ndipo imodzi amaiwerengera maola 25 a ntchito, kalasi ndi kuwerenga kwa wekha pamodzi. Ukhale pansi ndi mkulu wa dipatimenti yako, muike silabasi ya kosi ya uko pambali pa ya kuno, alembe ndi kusaina kuti iyi ilowa m'malo mwa iyi. Mawu apakamwa ayi. Anthu amasintha maudindo, ukabwerako upeza wina pa mpandopo amene sakudziwa chimene munagwirizana, ndipo ndaonapo mwana akubwereza chaka chonse atakhoza bwino lomwe kunja. Onanso kalendala, kuno masemesita athu sayenda nthawi imodzi ndi a uko, ndiye udziwiretu kuti ukamafika mu February anzako adzakhala ali pati. Ukafika uko nkupeza kuti makosi awiri akuwombana nthawi, kapena ina imene unkayesa ya Chingerezi ikuphunzitsidwa m'Chitaliyana, umaloledwa kusintha m'masabata oyambirira, koma kusinthako kusainidwenso mbali zonse zitatu.

Tadala: Zikomo bambo. A HOD anandiuza pakamwa kuti palibe vuto, mawa ndipita ndi masilabasi akasaine.

Chiko: A Phiri anena mfundo. Ndiwonjezere za mayeso chifukwa ndi osiyana ndi kwathu. Malikisi amawerenga pa 30, kukhoza kumayambira pa 18, ukaposa zonse amakupatsa 30 e lode. Mayeso a semesita yoyamba amakhala January ndi February ndipo kosi iliyonse imakhala ndi masiku angapo olembera, amati appello, umalembetsa wekha pa intaneti, ukaiwala kulembetsa dzina lako kulibe. Ukalephera loyamba umayesanso lachiwiri, komanso ukapeza 20 nkuona kuti sakukukwanira makosi ambiri amalola kuwakana nkulembanso. Koma iwe wa semesita imodzi lowa appello yoyamba, kuti yachiwiri ikhale yopulumukira tikiti ya ndege isanakwane. Chinanso ndi mayeso apakamwa. Umakhala pampando kutsogolo kwa pulofesa, anzako ali kumbuyo akumvetsera, iye akufunsa iwe ukuyankha, nthawi zina akupatsa choko kuti usonyeze pa bolodi mmene fomyula yabwerera. Ife tinazolowera kuloweza nkukakhuthula papepala nde poyamba zimanjenjemeretsa, koma ukamawerenga uziyankhula mokweza ngati ukuphunzitsa munthu, peza mnzako muzifunsana. Ndipo palibe amene akulondole kuti bwanji sunabwere mkalasi, ma assignment a sabata ndi sabata ndi ochepa, anthu amagona tulo October ndi November kenako January nkumalira.

Mphatso: Za mayeso apakamwa zo ine zinandithandiza moyo wonse, pano ma interview sindiopa.

Gift: Ine funso langa ndi lina. Ndili ku Joburg chaka chachisanu ichi, ndikudziwa mmene kwathu zinthu zilili, kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023 tonse tinaona, ma graduate ali mbwee m'tauni ntchito kulibe. Munthu wafika kale ku Europe ndi visa yabwinobwino, abwererenji? Sisi ukafika uko yang'ana mwayi, ganyu alipo, February ikakwana ungokhala, ena anatero ndipo akutumiza ndalama kwawo.

Anti Nabanda: Gift mwana wanga, ndikumva kumene ukuchokera, palibe wa ife amene anachoka kwathu chifukwa chokhuta. Koma ine anthu amene anangokhala ndimawaona ndi maso anga, osati pa zithunzi za pa WhatsApp. Munthu wopanda mapepala kuno sangasaine kontrakiti ya nyumba, amagona pa matiresi kwa wina nkumalipira modula, ntchito imene amapeza ndi ya m'minda kapena kutsuka mbale mobisa pa ndalama yochepa, bwana akapanda kumulipira alibe kokadandaula, akamuona wapolisi pa siteshoni mtima uli m'mwamba. Maliro akachitika kwawo sangapite chifukwa akatuluka sabwereranso. Ndakhalapo ndi mtsikana wa dziko lina la kwathu ku Africa usiku wonse akulira mayi ake akuikidwa iye akuonera pa foni. Tadala watsala chaka chimodzi kuti atenge digiri, aitaye chifukwa cha zimenezo?

A Phiri: Ndipo si za iye yekha. Mapulogalamu amenewa amayenda pa mgwirizano wa mayunivesite awiri, uko amawerenga kuti tinalandira angati, anabwerera angati. Mmodzi akasowa, chaka chotsatira malo amachepa kapena mgwirizano sauwonjezera, ndipo a kazembe amayamba kukayikira aliyense wobwera ndi kalata ya sukulu imeneyo. Amene amalipira ndi mwana wa chaka chachiwiri amene pano akulimbikira kuti naye adzapite.

Gift: A Phiri ndi ulemu wonse, inu muli pa ntchito, malipiro amabwera mwezi ndi mwezi. Mwana wa chaka chachiwiriyo akamaliza mudzamulemba ntchito ndinu? Ine sindikunena kuti aphwanye lamulo mwadala, ndikuti asatseke maso.

Chiko: Aise Gift asatseke maso inde, koma njira yake si imeneyo. Semesita imeneyi ndi mwayi woti mapulofesa akudziwe. Ukakhoza bwino, nkumapita ku ofesi kwawo pa maola amene amalandira ophunzira, pobwerera umatenga kalata yokuchitira umboni, ukamaliza digiri kwathu nkufunsira masters konko. Ma masters ambiri a engineering ku Politecnico ndi a m'Chingerezi, fizi ya m'mayunivesite ambiri a boma imatengera chuma cha banja lako, ndipo kuli ma sikolashipu a chigawo amene amati DSU amene ophunzira ochokera kunja amapikisana nawo, kuphatikiza ya boma la Italy kudzera ku unduna wa zakunja. Ukamaliza masters uko lamulo limakulola kupempha permit yosakira ntchito. Ndi njira yaitali koma umayenda mutu uli m'mwamba. Ndikudziwa anthu awiri a gulu lathu la Erasmus, wina wa ku Ethiopia wina wa ku Mozambique, anabwerera kwawo kenako anapitanso chonchi.

Gift: Chabwino, zimenezo ndiye ndikumva. Bola asabwerere chimanjamanja.

Tadala: Achimwene a Gift ndamva nkhawa yanu koma ine ndibwerako, ndikufuna digiri yanga. Za masters zo ndiye zandipatsa maganizo. Koma ganyu wololedwa alipo?

Mphatso: Permit ya maphunziro imalola maola 20 pa sabata. Koma kunena zoona pa miyezi isanu, chiyankhulo sukudziwa, khadi sinatuluke, mabwana ambiri safuna kuvutika ndi lisiti ya ku positi. Usaike mu bajeti ndalama ya ganyu. Chimene uike mu bajeti ndi mwezi woyamba, chifukwa ndalama ya Erasmus nthawi zambiri imalowa utafika kale ndi kusaina mapepala, pomwe depoziti ya miyezi iwiri kapena itatu, lendi yoyamba, permit, zonse zikufunika sabata yoyamba. Ndi mmene forex ikuvutira m'mabanki kwathu yamba pano kupempha, tenga kalata ya sukulu upite nayo ku banki, usadikire sabata yonyamuka. Ufunsenso ku Milan kuti ndalama yoyamba amapereka liti ndipo tikiti ya ndege agula ndi iwo kapena ugule wekha adzakubwezere.

Chiko: Pa mayendedwe pokha ndi pamene Milano amakukomera mtima. Osakwana zaka 27 khadi ya mwezi wonse ya ATM, kampani ya mayendedwe ya mumzindawu, ndi 22 euro, metro, thiramu, basi, kukwera mmene ungafunire mkati mwa mzinda, pomwe tikiti imodzi ndi 2.20. Metro ili ndi mizere isanu ya mitundu, wofiira, wobiriwira, wachikasu, wabuluu ndi wapepo. Ngati makalasi ako ali ku kampasi ya Leonardo utsikira pa Piola mzere wobiriwira, ngati ndi Bovisa nde ndi sitima za S, zija zopita m'madera ozungulira mzinda. Chifukwa cha ichi usalimbane ndi kukhala pakati pa tauni, yang'ana ku Lambrate, Affori, Bicocca, kaya Sesto San Giovanni kumene mzere wofiira umathera, kungoti ukatuluka malire a mzinda khadi imakwera mtengo nde funsa kaye. Uzimvetseranso za sciopero, sitalaka ya a mayendedwe, imakonda kugwa Lachisanu ndipo amalengezeratu, tsiku la mayeso uone kaye nkhani usanagone. Ukakwera sitima ya m'madera ndi tikiti ya pepala uidinditse pa kamakina ka pa siteshoni usanalowe, akakupeza nayo yosadinda ndi faini, zoti ndine mlendo samva.

Tadala: Nanga zakudya? Ine masiku atatu osadya nsima mutu umayamba kuwawa.

Anti Nabanda: Pamenepo usade nkhawa, wabwera kwa anthu odya chimanga. Kuno ku Bergamo chakudya chawo chenicheni ndi polenta, ufa wachikasu wa chimanga amauphika mu mphika ndi mthiko, Lamlungu banja lonse limadya imeneyo ndi nyama. Ufa woyera ukupezeka, mu supamaketi yang'ana farina di mais bianca, wosalala amalemba fioretto, kapena upite m'mashopu a anthu a ku Africa ndi ku Asia cha ku Stazione Centrale, siteshoni yaikulu ya sitima, ndi Via Padova. Masamba ugule pa msika wa mumsewu, dera lililonse lili ndi tsiku lake pa sabata, nthawi yozizira kumakhala cime di rapa amene amakoma ngati mpiru, ndi cavolo nero, ukafika cha kumasana akamatseka amatsitsa mtengo. Nyemba, mazira, tomato wa m'chitini, pasta, mpunga, zimenezi nzotchipa ku Lidl ndi ku Esselunga, ukamaphika wekha 200 euro pamwezi ikukwanira. Mthiko ndi chipande bwera nazo. Usipa wouma ndi ufa wa mtedza utha kunyamula, nsomba zouma amalola mpaka makilo 20, koma nyama ndi za mkaka zochokera kunja kwa Europe ndi zoletsedwa, akakupeza nazo pa eyapoti alanda. Ndipo pokazinga usipa tsegula windo, uuziretu anzako a m'nyumba, uwalawitseko, nkhani zambiri za m'nyumba zogawana zimayambira kukhitchini. Zinyalala amasiyanitsa, zotsala za chakudya pazokha, mapepala, mapulasitiki, mabotolo, mukasakaniza nyumba yonse imalipitsidwa ndipo aneba adziwa kuti wachita ndani.

Mphatso: Anti mwaiwala kuzizira.

Anti Nabanda: Sindinaiwale. September ufika kukutentha bwinobwino, udzudzu uliponso, usanyengeke. Kuyambira November kumachita nkhungu, kumwamba kotuwa masiku ambiri, December 5 koloko isanakwane kwada kale, ndipo January m'mawa madzi amaundana. Zotenthetsera m'nyumba lamulo limalola kuyatsa kuyambira 15 October mpaka 15 April, nde October akamayamba m'nyumba mumazizira kuposa panja. Jekete lenileni ndi nsapato zosalowa madzi, kaunjika wa kwathu ali nazo zabwino pa mtengo wochepa kuposa kuno, sankha lolemera la nthenga mkati. Koma chimene ndimaopera ana ngati iwe ndi mdima ndi kusungulumwa, kuzizira munthu amavala. Mwezi wachitatu chisangalalo chatha, mayeso ayandikira, anzako a ku Spain ndi Germany akwera ndege kupita kwawo ku Khirisimasi iwe watsala wekha m'nyumba. Ndaona ana amphamvu akudzitsekera m'chipinda sabata yonse. Usalole zimenezo, tuluka tsiku lililonse ngakhale kungoyenda ku Parco Sempione, uziimbira kwanu, nthawi yathu ndi imodzi mpaka kumapeto kwa October kenako kuno timatsalira ndi ola limodzi basi. Khirisimasi ubwere kwathu kuno, ndanena pagulu kuti onse amve. Kuno Malawi amamudziwa, ansembe ambiri a chipani cha Montfort amene anagwira ntchito ku Balaka ndi ku Mangochi anachokera chigawo chino, umakumana ndi agogo pa tchalitchi akukupatsa moni wa muli bwanji chifukwa anakakhalako kothandiza ku mishoni.

Tadala: Anti mwandigwetsa misozi, zikomo, ndibwera. Ine ndine wa CCAP, kaya kumeneko ndikapemphera kuti.

Chiko: Kuli Chiesa Valdese pa Via Francesco Sforza pafupi ndi yunivesite ya Statale, ndi mpingo wakale wa chiprotestanti wa ku Italy konko, kayendetsedwe kake ka akulu a mpingo ndi sinodi nkofanana ndi kathu. Mapemphero a m'Chingerezi ali ku Anglican ya All Saints pa Via Solferino. Koma ine ndinganene kuti upite kwa a Chitaliyana, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kutsindika kwambiri sisi. Makalasi ako akhala m'Chingerezi, anzako a Erasmus muziyankhula Chingerezi, a ESN amene amakonza maulendo ndi zochitika za ophunzira alendo nawonso Chingerezi, moti utha kutha semesita yonse osayankhulapo ndi munthu wa ku Milano kupatula wa pa thilu. Ambiri amatero ndipo amabwerako akudziwa ma bala a ku Navigli okha. Koma ku positi, ku Questura, kwa landilodi, pa msika, kwa dokotala, konseko ndi Chitaliyana. Yamba pano pa foni mphindi makumi awiri patsiku, ukafika lembetsa kosi ya chiyankhulo imene yunivesite imapereka kwa ophunzira alendo, kulinso masukulu a boma a akuluakulu otchedwa CPIA ndi ma parishi ophunzitsa mwaulere. Kwa ife sichivuta kutchula, mavawelo ake amamveka ngati athu ndipo chimawerengedwa mmene chalembedwera. Mayi wina wokalamba wa pa nyumba imene ndinkakhala sankandiyankha moni mwezi wonse, tsiku lina ndinamunyamulira jumbo pa masitepe nkumufunsa m'chiyankhulo chake kuti mwendo uli bwanji, kuyambira pamenepo Lamlungu ankandigogodera ndi mbale ya risotto, ndi amene anandiperekeza kwa dokotala nditadwala chifuwa.

Yamikani: Nanga za tsankho bwanji simukunena? Mlongo wathu adziwiretu.

Mphatso: Lilipo, tisabise. Posaka nyumba ndi pamene limaoneka kwambiri, pa foni akuti chipinda chilipo bwera, ukafika akuona nkhope akuti pepani changotengedwa. Mu basi nthawi zina mpando wa pambali pako umakhala wopanda munthu basi itadzaza. Apolisi pa siteshoni amatha kuimitsa iwe nkusiya ena, nde uziyenda ndi pasipoti ndi lisiti ija, khadi ya sukulu pamwamba. Ku yunivesite ine sindinakumane nazo, ndipo Milan ndi mzinda wa anthu a mitundu yonse, a ku Senegal, Eritrea, Egypt, Peru, Philippines, China, suoneka wachilendo ngati m'tauni yaing'ono. Zikachitika usazisunge mumtima wekha, uza anzako, ndipo zikakhala za kusukulu kapena ku hositelo ukanene ku ofesi ya ophunzira alendo.

Anti Nabanda: Ndi zoona zimenezo. Komanso usiku cha ku Centrale usamayende wekha, foni ndi chikwama kutsogolo mu metro ndi pa Duomo, tchalitchi chachikulu cha pakati pa mzinda, ndipo aja okumangirira kachingwe pamkono nkumati ndi mphatso ungowadutsa manja ali m'thumba.

Chiko: Koma usachite mantha mpaka kulephera kuona mzinda. Kwera pa denga la Duomo tsiku lopanda nkhungu uone mapiri a Alps. Chithunzi cha Mgonero Womaliza cha Leonardo da Vinci chili pa khoma ku Santa Maria delle Grazie, amalowetsa anthu ochepa kwa mphindi 15 ndipo matikiti amatha miyezi isanafike, nde buka ukangofika. Lamlungu loyamba la mwezi ma museum a boma ndi aulere. Pa 7 December ndi tsiku la Ambrose Woyera, nkhoswe ya mzindawu, kulibe sukulu ndipo kumakhala msika waukulu kuzungulira Castello Sforzesco. Como ndi ola limodzi pa sitima, Roma maola atatu pa ija yothamanga ukagula tikiti msanga. Zopita ku France kaya Switzerland uchite visa yako ikadali ndi masiku, chifukwa lisiti ya ku positi payokha mayiko ena saizindikira.

Tadala: Hositelo ndalemba, angondiyankha kuti ndili pa mndandanda wodikira. Tikiti akuti agula ndi iwo, Ethiopian kudzera ku Addis, ndikutera ku Malpensa m'mawa Loweruka. Kuchoka pamenepo ndiyenda bwanji ndi masutikesi awiri?

Chiko: Tsata zikwangwani za sitima mu eyapoti momo, Malpensa Express, ina imapita ku Cadorna ina ku Centrale, pafupifupi ola limodzi, ndipo imaima pa Bovisa ngati malo ako ali mbali imeneyo. Mabasi opita ku Centrale aliponso panja, otchipako pang'ono. Taxi usayerekeze, ipitirira 100 euro. Khala ndi ma euro pang'ono m'manja ndi adapta chifukwa mapulagi athu a mano atatu aja salowa. Popeza ndi Loweruka maofesi a sukulu atseka, nde lembera a hositelo kapena landilodi pano kuti makiyi ukawatenga kwa ndani ndipo nthawi yanji, akuyankhe polemba.

Anti Nabanda: Nditumizire tsiku ndi nambala ya ndege ku inbox. Loweruka limenelo ndikapanda kukhala pa shifiti ndidzakuchingamira ndekha, zikakanika ndituma mwana wanga wamkulu, amagwira ntchito ku Milano konko.